Chithunzi chokafunsira gawo m'sewero: mmene mungachijambulire kuno kuchigwa cha Shire

Chaka chatha mtsikana wina wa m'gulu lathu la zisudzo anaitanidwa ku Blantyre. Anthu ena ankakonza kafilimu kakafupi ndipo analengeza kuti akufuna atsikana awiri: wina woti akhale mwana wa msodzi, wina mtsikana wa m'tauni. Iye anatumiza chithunzi pa WhatsApp, patapita masiku awiri foni inalira, ndipo tonse tinasonkherana ya minibasi. Anakwera pa Nchalo kusanache, anawoloka mlatho wa Kamuzu, anakwera zitunda za Thabwa, n'kufika nthawi yabwino. Atalowa m'chipindamo, mayi amene ankasankha anthu anayang'ana foni yawo, anayang'ana mtsikanayo, anabwereranso pa foni. Kenako anafunsa kuti, "Kodi mwabwera m'malo mwa achemwali anu?" Pachithunzi paja khungu linali loyera, mphuno yaing'ono, kachipsera ka patsaya kulibe. Filter, kachipangizo ka m'foni kosalaza ndi kuyeretsa nkhope, inali itachita zake. Iwo anamuitanira gawo la mtsikana wa m'tauni, limene silinamuyenere, pomwe gawo la mwana wa msodzi, limene nkhope yake yeniyeni ikadalitenga mosavuta, anali atapereka kale kwa wina.

Nkhaniyi imandiwawabe, n'chifukwa chake ndalemba malangizowa. Chithunzi chimene anzathu amachitcha headshot, chongoonetsa nkhope ndi mapewa, chili ndi ntchito imodzi: kuuza wosankha anthu kuti munthu amene adzalowe pakhomo ndi uyu, ndipo angathe kusewera mbali zakutizakuti. Wochokera ku Nsanje amayenda makilomita oposa 170 kuti akafike ku Blantyre, ndiye chithunzi chikanama, ndalama ya ulendo wonsewo yapita m'madzi.

Yambani ndi kufunsa anthu

Musanagwire foni, dziwani kaye mmene anthu amakuonerani. Inuyo mumadziona ndi maso a mkati, ndipo amayi anu amakuonanibe ngati mwana. Pezani anthu anayi kapena asanu amene sakukudziwani kwenikweni: wakabaza wa pasiteji, mayi wogulitsa masawu kapena nsomba zouma pamsika, mphunzitsi wa pasukulu imene simunaphunzirepo. Afunseni mafunso awiri okha. "Amayi, mukandiona chonchi, mungati ndili ndi zaka zingati? Nanga mungati ndimagwira ntchito yanji?" Musatsutse, musafotokoze, ingolembani. Atatu akanena kuti mukuoneka ngati wapolisi kapena mlonda, nkhope yanu ili ndi ukali umene dayilekitala angaufune. Akanena kuti mukuoneka ngati namwino kapena mayi wa mvano, anthu amakukhulupirirani msanga, ndipo mabungwe amene amajambula makanema a zaumoyo amasaka nkhope zotero.

Zaka zimene akuuzenizo zisungeni. Wochita zisudzo salemba zaka zake zakubadwa zokha, amalembanso zaka za anthu amene angawasewere. Munthu wa zaka 27 wa nkhope yachibwana angalembe kuti amasewera 19 mpaka 26. Musatambasule kwambiri: zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri n'zokwanira.

Pali anthu amene amanyansidwa nazo zimenezi, amati katswiri weniweni amasewera chilichonse. N'zoona, pabwalo la zisudzo la kusukulu mnyamata wa Fomu 3 amapaka choko kumutu n'kukhala gogo, ndipo timaombera m'manja. Kamera siilola zimenezo, imafika pafupi kwambiri. Ndipo kudziwika ndi chinthu chimodzi si kuchepa. Michael Usi anasewera Manganya mu Tikuferanji kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, anthu ankamutchulabe Manganya. Eric Mabedi ndi John Nyanga ambiri timawakumbuka ngati Jakobo ndi Izeki. Anthuwa ankadziwa chimene nkhope ndi mawu awo zimapereka, ndipo anachikulitsa. Zitseko zina zimadzatseguka pambuyo pake, munthu atalowa kaye pa chimodzi.

Sankhani maonekedwe awiri, akachuluka atatu

Ganizirani ntchito zimene zimafikadi kwa ife. Pali makanema a mabungwe onena za kusefukira kwa madzi, kolera, malungo ndi maukwati a ana. Pali otsatsa malonda, oimba amene amafuna anthu m'mavidiyo awo, ndi mafilimu ojambulidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pa zonsezi muyenera kukhala ndi chithunzi chimodzi chofunda, chomwetulira mano akuoneka, cha munthu amene mungamupatse mwana wanu kuti akugwirireni m'minibasi. Chachiwiri chikhale chosamwetulira, cha munthu amene ali ndi nkhani mumtima. Chachitatu, ngati mukuchifuna, chitsamire ku mtundu wa anthu amene aja a pamsika anakutchulani.

Ndanena kuti chitsamire, sindinanene kuti muvale yunifolomu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Wina akauzidwa kuti amaoneka ngati nyakwawa, amabwereka chipewa, mkanjo ndi ndodo. Wina amakoleka khasu paphewa kuti aoneke mlimi wa thonje. Wosankha anthu akaona zotere amaona zovala, munthu samuona, komanso amamva ngati mukumuuza ntchito yake. Chofunika n'kungolozera. Malaya a kolala omangidwa mabatani mpaka m'khosi akunena kale za mphunzitsi, kalaliki kapena mbusa. Malaya omwewo mutamasula mabatani awiri n'kupinda manja akunena za kapitawo wa m'munda wa nzimbe. T-sheti yopanda zolemba, yakhosi lozungulira, ikhoza kukhala ya msodzi wa ku Elephant Marsh, wophunzira, kapena mnyamata wa geni pa Marka. Kwa amayi, bulauzi wamba ndi duku zikupereka mayi wa kumudzi. Bulauzi yemweyo popanda duku, ndi ndolo zazing'ono, ndi mlembi wa ku ofesi ya DC.

Mitundu imene imagwirizana ndi khungu lakuda ndi yozama: buluu wakuda, wobiriwira ngati masamba a mango, wofiirira ngati njerwa yootcha, wachikasu chozama. Choyera mbee chipeweni, chifukwa foni ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii, maso okha kumaoneka. Chakuda bii nachonso chimameza mapewa. Chitenje cha maluwa akuluakulu n'chokongola paukwati koma pachithunzi chotere chimalanda maso. Mizere yothinana imavina pa sikirini. Ndipo chonde, t-sheti za mabungwe zimene zinachuluka m'nyumba zathu chichokereni namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zisiyeni m'chikwama, pamodzi ndi nsalu za chipani ndi jezi za mpira. Wotsatsa malonda a kampani ina sangasankhe munthu wonyamula dzina la bungwe lina pachifuwa. Zovala zonse zofunikazi zimapezeka pa kaunjika tsiku la msika, ndipo muzisite usiku wake, makamaka kolala, poti ndi imene ili pafupi ndi nkhope.

Tsitsi ndi khungu

Lamulo ndi limodzi: mmene mukuonekera pachithunzi ndi mmene mudzaonekere pa tsiku loyesedwa. Ngati wigi mumaivala Lamlungu lokha, musajambulitse nayo chithunzi chachikulu. Ngati mumasinthasintha pakati pa meshi ndi tsitsi lanu, jambulitsani ziwiri, ndipo la chibadwidwe likhale loyamba, chifukwa dayilekitala amatha kuwonjezera wigi m'maganizo mwake koma kuichotsa kumamuvuta. Abambo metani masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, kuti zotupa za lumo zitsike ndi mzere wa pamphumi ufewe. Wa ndevu asankhe chimodzi, kuzisunga kapena kuzimeta, n'kukhala nacho.

Mafuta pakani pang'ono kwambiri. Kuno timakonda Vaseline chifukwa cha mphepo youma ndi fumbi, koma pa kamera amasandutsa mphumi galasi. Pakani pamilomo pokha, ndipo m'thumba mukhale kansalu koyera kothimbirira thukuta pamphumi ndi pamphuno. Muzichita kudinda, osapukuta. Zodzoladzola zikhale zochepa moti mnansi wanu asazindikire kuti mwapaka. Zipsera, mphini, mpata wa pakati pa mano, diso lina locheperako, zonsezo zisiyeni zioneke, poti ndi zimene zimapangitsa munthu kukumbukika pakati pa zithunzi zana.

Za mafuta oyeretsa khungu ndilankhula mosabisa. Ndamvapo atsikana athu akunena kuti pa TV amafuna oyera. Mafuta amenewo ambiri amakhala ndi mankhwala oononga khungu monga hydroquinone ndi mercury, ndipo pa dzuwa la kuno amasiya masaya ofiira ndi zala zakuda, zimene kamera imazionetsa kuposa galasi la kunyumba. Khungu lakuda losalala, likapeza kuwala koyenera, limajambulika bwino kwambiri. Vuto limakhala kuwala, khungu lilibe mlandu.

Nthawi ndi malo

Dzuwa lathu si la masewera. Mu October ndi November ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo ikamakwana 9 koloko m'mawa munthu amakhala atayamba kale kutsinzina ndi kuchucha thukuta. Dzuwa la pamutu limaponya mithunzi m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, munthu wa zaka 22 n'kuoneka ngati wadwala mwezi wathunthu. Jambulani mu ola loyamba dzuwa litangotuluka. Madzulo chakum'ma 4 mpaka 5 koloko kuwala kumakomanso, koma nkhope imakhala itatopa ndi tsiku, ndiye ine ndimakonda m'mawa. Masiku a mitambo a mu June ndi July ndi mphatso: kuwala kumakhala kofewa pafupifupi tsiku lonse. A ku Nchalo muyang'anenso kumwamba m'nyengo yodula nzimbe, chifukwa akaotcha munda, timaphulusa takuda timatera pa malaya ositidwa aja musanajambule ndi chimodzi chomwe.

Ambiri akamva kuti mthunzi amathamangira pansi pa nimu, poti ndi mtengo umene uli pakhomo paliponse. Masamba a nimu amadontheza dzuwa, nkhope n'kukhala ya mawangamawanga ngati nkhanga. Malo abwino ndi pakhonde kapena pakhomo la kalasi kapena la tchalitchi. Imani mkati mwa mthunzi, phazi limodzi kuchokera pamene dzuwa lathera, nkhope ikuyang'ana kunja. Wojambula aime panja, atafulatira kuwala. Mukatero, kuwala kochokera kumwamba ndi pa dothi loyera la pabwalo kumalowa m'maso mofewa, kumbuyo kwanu n'kukhala kodera. Yang'anani m'maso mwa munthuyo pachithunzi: mukaona kadontho kowala m'diso lililonse, mwaima pabwino. Kakapanda kuoneka, tembenukani pang'onopang'ono mpaka kaoneke.

Ngati pansi pa chibwano pali mdima, mnzanu wachitatu agwire nsalu yoyera, pepala lalikulu la m'kalasi kapena thumba loyera la ufa lochapa bwino, pa msinkhu wa chifuwa chanu, kunja kwa chithunzi. Limabweza kuwala m'mwamba. Yesani kamodzi muone kusiyana kwake, simudzasiyanso.

Kumbuyo kukhale khoma wamba la njerwa kapena la simenti, ndipo mutalikirane nalo mapazi atatu kapena anayi kuti lisaoneke bwinobwino. Mlambe, mtsinje wa Shire, galimoto la eni ake, zonsezo n'zabwino pa Facebook koma pano zikupikisana ndi nkhope yanu. Ma situdiyo a pa Dyeratu, Nchalo kapena Bangula angathandize ngati muwafotokozera chimene mukufuna. Auzeni kuti, "Achimwene, si cha chiphaso, si cha ukwati. Nsalu ya mathithi ndi nyumba zosanja ija ichotseni, fulashi ya pamphumi ayi, ndipo musandiyeretse pa kompyuta." Akakana, foni yabwino ndi khonde zikukwanira.

Wogwira foni

Selfie ayi. Kamera ya kutsogolo ndi yofooka, ndipo foni ikakhala pa utali wa mkono imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Mnzanu agwiritse ntchito kamera ya kumbuyo, ayambe wapukuta galasi lake ndi nsalu yofewa, poti foni za kuno zimakhala ndi fumbi ndi mafuta a m'manja. Aime mamita awiri kuchokera pa inu, atsegule 2x, yoyandikitsa chithunzi kawiri, ngati foniyo ili nayo, ndipo foni ikhale choimirira, pa msinkhu wa maso anu. Wamfupi akamajambula wamtali akwere pa njerwa. Adine pankhope panu pa sikirini kuti kamera iyeze kuwala pa khungu lanu, kenako akweze pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali. Muzimitse chilichonse cholembedwa Beauty kapena Face retouch. Mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Samsung amakhala nacho, ndipo nthawi zina chimakhala choyatsa mwini wake osadziwa. Portrait mode, imene imachititsa kuti kumbuyo kusaoneke bwinobwino, ndi yabwino koma muyang'anitsitse m'mbali mwa tsitsi ndi makutu, chifukwa imatha kudya mbali ya duku. Chithunzi chiyambire pamwamba pang'ono pa mutu n'kuthera pachifuwa, maso akhale cha kumtunda kwa chithunzicho.

Maso

Gawo ili ndi limene ochita zisudzo ayenera kulikwanitsa kuposa wina aliyense, koma ndi pamene amauma ngati mtengo. Ndinajambulapo bambo wina wa m'gulu lathu, wa zaka za m'ma 50, amene pabwalo amagwetsa anthu ndi kuseka. Ataima pakhonde la kalasi anaongoka ngati msilikali, manja m'mbali, maso tong'o. Tinajambula 30, zonse za chiphaso. Ndiye ndinatsitsa foni n'kunena kuti, "Bambo, mdzukulu wanu uja wabwera ndi lipoti la kusukulu, wakhala nambala wani, koma akubisa kumbuyo kuti muyambe mwalota." Sanaseke. Nsidze zinakwera pang'ono, mbali imodzi ya mlomo inanjenjemera, maso ananyowa. Chithunzi chimenecho ndi chimene amatumiza mpaka lero.

Choncho musamaganize za nkhope, ganizani za munthu. Galasi la kamera likhale munthu amene mukumudziwa, ndipo mukhale ndi mawu amodzi oti mumuuze mumtima. Pa chithunzi chofunda: "Mwafika, takulandirani." Pa chinacho: "Ndikudziwa zimene munachita." Thupi litembenukire pambali pang'ono, nkhope ibwerere ku kamera, mapewa agwe. Kankhirani mphumi kutsogolo pang'ono ngati kamba akusuzumira, n'kutsitsa chibwano pang'ono. Zimamveka zachilendo m'thupi koma zimaonetsa nsagwada bwino. Pakati pa zithunzi yang'anani pansi, pumani, kenako dzutsani maso, wojambula adine nthawi yomweyo. Jambulani zambiri, 50 kapena 60 pa chovala chilichonse. Sizilipiritsa.

Kusankha ndi kutumiza

Musasankhe nokha, ndipo musasankhe tsiku lomwelo. Aliyense amathamangira chithunzi chimene waoneka wokongola, chimene nthawi zambiri sichimufanana. Patulani khumi, muonetse anthu awiri amene amakuonani tsiku ndi tsiku, muwafunse kuti, "Ine ndi uti apa?" Chepetsaninso chithunzicho pa sikirini chikhale ngati chala chachikulu, chifukwa wosankha anthu amayamba kuchiona chaching'ono chotero pakati pa zina zambiri. Ngati maso akuonekabe amoyo, chimenecho ndiye.

Kukonza kololedwa n'kochepa: kudula m'mbali, kuwalitsa pang'ono, kuchotsa chiphuphu chimene chidzakhale chitapola sabata yamawa. Muyeso wodziwika ndi wa mainchesi 8 kwa 10, pafupifupi masentimita 20 kwa 25, ndipo pa foni mukasankha 4:5 podula mwapeza womwewo. Potumiza pa WhatsApp musadine Gallery, chifukwa imafinya chithunzi n'kuchifooketsa, dinani Document. Fayiloyo muipatse dzina lanu, osasiya manambala aja a kamera, kuti ikasochera m'kompyuta ya munthu idziwike mwini wake. Tumizani ziwiri, pokhapokha atapempha zambiri.

Pansi pake lembani mizere yochepa: dzina, zaka zimene mumasewera, msinkhu m'masentimita, kumene mukukhala, zilankhulo, ndi luso. Apa anthu a kuno timadzichepetsa popanda chifukwa. Wina amabisa kuti amalankhula Chisena poopa kusekedwa, pomwe amene akujambula nkhani ya kuchigwa akusowa ndendende munthu woyankha kuti "takhuta" lilime lisanapunthwe. Lembani Chichewa, Chisena, Chimang'anja, ndi Chipwitikizi ngati munachitola ku malire. Lembani kuti mumapalasa bwato, mumasambira, mumaimba valimba, mumavina utse, mumayendetsa njinga yamoto kapena ngolo ya ng'ombe. Wa ku Namiwawa mu Blantyre sangaphunzire kuima m'bwato pa masiku awiri. Koma lembani zimene mungachite atakuuzani kuti chitani pompano. Ngati munasewerapo pa mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM kapena NASFEST, kapena m'sewero la pa wailesi ya Nyanthepa, tchulani dzina la sewero ndi chaka.

Dzina likhale limodzi paliponse. Ngati pa chithunzi muli ndi dzina lina, pa Facebook lina lachibwana, pa TikTok linanso, wofuna kukupezani amatopa n'kuimbira wina. Chithunzi chofunda chija chikhale cha pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe, ndipo muyang'anenso zimene munaikapo zaka zapitazo, poti amene akufuna kukulembani ntchito amakafufuza.

Chenjerani ndi akamberembere. Wofuna anthu a m'filimu weniweni sakupemphani ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba musanaonane, safuna chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika pa uthenga woyamba, ndipo sapempha zithunzi mutavula. Akaitana kumalo ogona alendo usiku, musapite. Akaitana masana, pitani ndi mnzanu. Wosakwana zaka 18 zonse zidutse kwa makolo, ndipo nambala yolembedwa pansi pa chithunzi ikhale ya kholo.

Jambulitsaninso pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, kapena msanga ngati mwameta, mwanenepa, mwaonda kapena imvi zayamba. Ndipo tsiku lomwe mwasankha zithunzi zanu, zitumizeni ku imelo yanu kapena muziike pa Google Drive. Kuno foni imatha kupita ndi madzi usiku umodzi mu January, kapena kungofa ndi kutentha ili pa chaja. Zikakhala pa imelo, mungabwereke foni ya mnansi, kutsegula, n'kutumiza nthawi imene akupatsani isanathe.